Masamba a Pamwamba pa Thumba

Mutu Wachisanu ndi Chiwiri

1. Fungo la ku ntchito

Mzime anali asanalawepo chamba chibadwire, koma tsiku lililonse ankanunkha chamba.

Fungolo linkamukakamira m'tsitsi, m'malaya, ngakhale m'chikwama. Akakwera basi madzulo, wokhala naye pampando ankayamba wakwinya mphuno, kenako n'kumuyang'ana cham'mbali, mapeto ake n'kusendera kutali. Tsiku lina kondakitala anachita kukweza mawu dala. "Asisi, tigawireniko kandudu kamodzi!" Basi yonse inafa nalo phwete. Mzime anangoyang'ana pawindo. Akanayambira pati kufotokoza?

Kwawo ankamutcha Mzime poti ndiye anali mwana womaliza. Kusekondale anakhoza bwino sayansi, ndipo anamutenga kuti aphunzire ntchito ku labotale yoyeza zinthu zimene apolisi alanda. Apolisi akagwira munthu ndi masamba okayikitsa, woweruza sangamulange pongomva kuti masambawo akununkha. Amafuna umboni. Umboniwo unkachokera m'nyumba imeneyi, ya makoma oyera ndi mawindo osatsegula, kuseri kwa mpanda wa waya.

Anzake a kusukulu anali atabalalika, wina uku wina uko. Ogwira nawo ntchito anali akuluakulu a mabanja awo, ndipo nkhani zawo zinali za ana ndi apongozi. Nthawi ya nkhomaliro Mzime ankatenga buledi wake ndi tiyi wa m'fulasiki n'kukakhala yekha pamasitepe a kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Kumene ankachita lendi, alandilodi anali ataletsa kale ana awo kulowa m'chipinda mwake.

M'tauni monsemo munthu mmodzi yekha ndi amene fungolo silinkamuvuta: achimwene ake, dalaivala wa lole. Akabwerako ku maulendo awo ankaimika chilolecho pamsewu n'kuliza hutala mpaka agalu onse a m'deralo ataulira limodzi.

"Kwera, wasayansi wathu! Koma ukhale cha kuwindo, ungandiledzeretse ndili pa chiwongolero."

Vuto linali lakuti maulendowo anali aatali. Mwezi unkatha asanaonane.

Woyang'anira labotaleyo anali mayi wa imvi, wa magalasi okoleka pa chingwe. Aliyense ankawatchula kuti Mayi Bwereza, chifukwa mawu amenewo sankawachoka pakamwa. Ukayeza chinthu pa sikelo, "bwereza". Ukatsuka botolo, "bwereza".

Ndi iwo amene anaphunzitsa Mzime kuika katsamba pansi pa makina okuza zinthu, n'kuona tiubweya topindika ngati zikhadabo za mphaka, timene timamera pa tsamba la chamba. Anamuphunzitsa kusinja masamba ouma m'kamtondo koyera, kuwathira mankhwala, n'kugwedeza kabotolo. Madzi a pansi akasanduka mtundu wa khungu la biringanya, ndiye kuti nkhani yayamba. Pomaliza panali makina aakulu a m'chipinda chozizira, amene amalekanitsa zonse zili m'tsamba n'kujambula timapiri pa kompyuta. Kaphiri kamodzi kosongoka ndiko kanali ka mankhwala amene amazunguza bongo. Kakatalika, ndiye kuti chambacho n'chaukali.

"Mwana wanga," Mayi Bwereza ankatero akupukuta magalasi, "mphuno imanama, maso amanama, ngakhale mtundu wa m'botolowo umatha kunama. N'chifukwa chake sitikhulupirira njira imodzi. Alipo masamba ofanana ndi chamba ngati mapasa, koma mbuzi imadya n'kugona tulo tabwino. Tsiku limene udzanene kuti ichi n'chamba usanabwereze, udzatsekeretsa munthu wosalakwa, ana ake n'kumakula akumuonera pa waya. Tsiku limene udzanene kuti si chamba chifukwa cha ulesi, katunduyo adzathera kuseri kwa zimbudzi za pasukulu, m'manja mwa ana ocheperapo kuposa iweyo. Ife sitimanga munthu, ndipo sitimasula munthu. Timangonena chimene chili m'thumba. Koma ukachinena, uzichinena chonse."

2. Matumba oyera

Tsiku lina masana galimoto ya apolisi inalowa pageti chobwerera m'mbuyo, n'kuima pakhomo la chipinda chosungira umboni. Munatsika a Sajeni, bambo wonenepa amene ankatuluka thukuta ngakhale nyengo yozizira. Anyamata awo anayamba kutsitsa matumba oyera. Thumba lililonse linali lomangidwa pakamwa ndi chingwe, ndipo pa mfundo pake panali kachidindo kofiira ka pulasitiki.

"Tinawagwira dzana pa msewu waukulu," anatero a Sajeni. "Dalaivala akulumbira pali Mulungu kuti ndi masamba a mankhwala a chifuwa, amapita nawo kwa ogulitsa zitsamba. Ife tinasuzumira, sitinamve fungo lachilendo. Koma galu wathu anakhala pansi pambali pa lole n'kukana kudzuka. Ndiye tinati tisakumbe tokha, akaone eni ntchito."

Mzime anathandiza kukweza matumbawo pa sikelo. Sanaganize kalikonse. Malole m'dziko ndi ambiri, ndipo m'labotale matumba sakhala ndi mayina a anthu. Amakhala ndi manambala basi.

Apolisi atapita, Mayi Bwereza anagogoda thumba limodzi ndi chala.

"Tandiuza, ungatape bwanji pamenepa?"

"Ndidula chingwe pamaso pa mboni," anayankha Mzime. "Nditapa pamwamba. Ndipisa dzanja mpaka pakati, nditapanso. Kenako ndikhuthulira thumba lonse pa pepala lalikulu kuti nditape a pansi. Zotapa zonse ndiika m'maenivelopu osiyana, ndimata, tisayina ine ndi mboni."

"Chifukwa chiyani osangotapa pamwamba? Si masamba omwewo?"

"Chifukwa makina amayeza chimene tawapatsa. Sadziwa chimene tasiya."

Mayi Bwereza anavala magalasi n'kumuyang'anitsitsa. Sanamwetulire, koma sananenenso mawu awo aja.

"Mawa m'mawa ndili kukhoti, ndikukachitira umboni mlandu wina. Matumba awa udzatapa ndiwe. Kubwera wapolisi woti adzakhale mboni. Ine ndidzangopeza maenivelopu."

Aka kanali koyamba kumusiyira ntchito yotere yekha. Mzime anatuluka m'chipindamo mtima ukudumpha. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womuuza, koma aliyense anali atawerama pa ntchito yake. Anapita pamasitepe a kuseri n'kuimbira achimwene ake. Foni yawo inali yozimitsa.

3. Pageti

Poweruka, anaona mayi wobereka mwana ataima pansi pa mtengo kunja kwa geti. Atayandikira anazindikira kuti anali mkazi wa achimwene ake. Maso anali otupa, ndipo nsapato zinali mbuu ndi fumbi.

"Alamu! Kwagwanji?"

Alamu akewo anamugwira dzanja n'kumukokera kuseri kwa mtengo, kutali ndi mlonda.

"Achimwene anu anawagwira. Ali m'chitokosi. Matumba amene anawapeza nawo akuti abwera kwanu kuno."

Mzime anatsamira mtengo.

"Matumba oyera?"

"Kaya ndi oyera kaya ndi akuda, ine sindinawaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti iwo sakudziwapo kanthu. Munthu wina anangowapeza pamalo pamene amadikirira katundu, n'kuwauza kuti nyamulani izi mukasiye kwakuti. Iwo anamasula thumba limodzi, anaona masamba wamba. Nanga munthu uzikhuthula katundu wa eni ake?"

"Mwini katunduyo ndani?"

"Dzina sakulidziwa. Ankangomuti bwana." Mwana analira kumbuyo, ndipo alamu anamugwedeza mpaka anatonthola. Kenako anatsitsa mawu. "Koma dzulo kunyumba kunabwera bambo wina. Akuti ndi mnzawo wa achimwene anu, wamva za tsokali. Akuti tisade nkhawa, nkhani yonse ili m'manja mwanu. Akuti musabe kanthu, musasinthe kanthu, musanene bodza. Mungotapa masamba a pamwamba okha."

Magalimoto ankadutsa pamsewu, koma Mzime sankawamva. Munthu wosadziwa za m'thumba sakanatumiza uthenga wotero. Amene ananena zimenezo ankadziwa chimene chili pakati.

"Bwanji mwangoti chete?" anafunsa alamu. "Pamenepo pali tchimo? Masamba a pamwamba si a m'thumba momwemo?"

"Bamboyo anadziwa bwanji kuti ine ndimagwira ntchito kuno?"

"Ndani sadziwa? Achimwene anu amauza aliyense amene wakwera m'lole mwawo. Mlongo wanga ndi wasayansi, mlongo wanga amavala choyera ngati dokotala. Amakunyadirani, alamu. Lero ndi tsiku loti muonetse kuti sankanyadira mphepo."

Basi inaima, ndipo alamu anakwera osatsanzika.

4. Mawu a amayi

M'chipinda cha Mzime munali bedi, mpando umodzi, sutikesi ndi kasitovu. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko pankapachikika jekete yoyera ya ku ntchito. Dzuwa linali lisanalowe pamene foni inalira. Anali amayi ake, kuimba kuchokera kutali kumene ankakhala.

Sanafunse n'komwe kuti waswera bwanji.

"Mwanawe, khala pansi undimvere. Bambo ako pomwalira iwe unali ukukwawa, sukudziwapo kanthu. Amene anasiya sukulu kuti m'nyumba muzifuka utsi ndi mchimwene wakoyo. Anali wanzeru kuposa iwe, aphunzitsi anachita kubwera kudzandidandaulira, koma iye anati ayi, aphunzire Mzime. Utadwala chikuku, anakubereka ndi iyeyo kupita nawe kuchipatala, mvula ili pamsana. Nsapato zako zoyamba unavala za thukuta lake. Mayeso ako atatuluka, anayenda nyumba ndi nyumba ngati wakhoza ndi iye."

"Ndikudziwa, amayi."

"Sukudziwa. Ukanadziwa ukanawayankha alamu ako pomwepo. Tamvera, chibale ndi fupa, sichiwola. Ntchito imatha. Mabwana amasintha ngati nyengo. Tsiku limene udzagone osadzuka, wodzakuchapira zofunda si mayi a kuntchito kwakowo, ndi anthu omwewa ukuwazengerezawa. Sindikukutuma kuti ukabe. Ine sindinalere mbava. Ndikungoti dzanja lako lisapite patali, basi. Ndani adzadziwe? Thumba lili ndi pakamwa koma siliyankhula."

Mzime anayang'ana jekete ya pa msomali.

"Amayi, nanga ngati m'katimo muli..."

"Ngati muli chiyani? Anaikamo ndi iye? Ana ake aja adzadya chilungamo chakocho? Ine ndinabereka ana ambiri, manda anatenga, ndatsala ndi awiri. Usandichititse kuti nditsale ndi mmodzi. Ndipo ukatero, sindikudziwa kuti wotsalayo adzakhala uti."

Foni inaduka. Kunja ana a alandilodi ankasewera mpira wa mapepala, akukuwa ndi kuseka. Mzime anateleka madzi a tiyi. Madziwo anawira mpaka kuphwera iye atakhala pabedi, manja ali pa mawondo.

5. Sizasi

M'mawa mwake anafika ku ntchito anthu ambiri asanafike. Anavala jekete, anavala magolovesi, n'kuyala pepala lalikulu pa tebulo la m'chipinda cha umboni. Anandanditsa maenivelopu. Anatenga sizasi m'dirowa.

Mboni inali wapolisi wachinyamata amene Mzime anali asanamuonepo. Anakhala pa mpando wa pakona, chipewa pa bondo, maso pa foni. Nthawi ndi nthawi ankaseka yekha.

Mzime anakokera thumba loyamba pafupi. Linali lolemera kuposa mmene masamba ouma amalemerera. Anagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa sizasi pansi pa kachidindo kofiira.

"Chitani changu, asisi," anatero wapolisi uja osadzutsa mutu. "Ine ndagona pa ntchito, maso akuwawa. Ingotapani pang'ono pamwambapo ndisayine. Masamba ndi masamba."

M'chipindamo munalibe wina. Pakhonde panalibe mapazi. Sizasi inali itayasama, chingwe chili pakati pa mano ake. Chotsala chinali kungofinya zala ziwiri.

Mzime anaitulutsa sizasi ija.

Anaiika pa tebulo. Anavula magolovesi, loyamba kenako lachiwiri, n'kuwaponya m'bini.

"Sindidula," anatero.

Wapolisi anadzutsa mutu. "Sizasi ndi yobuntha?"

"Ayi. Tidikire Mayi abwere kukhoti."

"Aa! Inu mukudziwa kuti khoti limatha nthawi yanji? Vuto n'chiyani?"

"Ndidzawauza eni ake. Tulukani nditseke, bwana. Makiyi tikasiye kwa mlonda, nonse muone kuti palibe thumba latsegulidwa."

Wapolisiyo anatuluka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amapatsidwa ntchito asanasiye kuyamwa. Mzime anakhala pa benchi ya pakhonde. Ogwira nawo ntchito ankadutsa ndi mathireyi a mabotolo, kumuyang'ana, n'kupitirira. Palibe anamufunsa kanthu. Dzuwa la pawindo linatsika khoma, linafika pa mapazi ake, mpaka linasowa.

Mayi Bwereza anafika masana, atakolekera chikwama paphewa. Anaona benchi, anaona chitseko chokhoma.

"Lowa mu ofesi."

Mzime analowa, koma sanakhale pansi.

"Mayi, matumba aja sindinawatsegule. Dalaivala amene anamugwira nawo ndi achimwene anga. Ndamva dzulo madzulo. Ndipo kuli bambo wina anapita kwa alamu anga. Anati andiuze kuti nditape a pamwamba okha."

Mayi Bwereza anatsitsa chikwama pang'onopang'ono.

"Chingwe unadula?"

"Ayi. Koma sizasi ndinalowetsa."

"Khala pansi, mwana wanga."

Anatseka chitseko, n'kukoka mpando wawo kuuchotsa kuseri kwa tebulo kuti akhale moyang'anizana naye.

"Ndikuuza zinthu zoti mwina lero sizikutonthoza, koma uzisunge. Ukanatapa a pamwamba okha, bambo ameneyo akanakutenga wamoyo. Mwezi wamawa akanabweranso ndi matumba ena, a dalaivala wina, ndipo ukanati ukane akanangokufunsa kuti, kodi abwana ako akudziwa zimene unachita ulendo watha? Mbedza imalowa mosavuta, potuluka ndi pamene imang'amba. Ndawaonapo anthu anzeru kukuposa iwe atalowa m'khola limeneli chifukwa cha chifundo cha tsiku limodzi. Ena ali kundende. Ena ali pamsewu, akaona ine amatembenukira kumbali.

"Chachiwiri, zikanadzaululika, ndipo zimaululika, ndani akanakhulupirira kuti achimwene ako sankadziwa kanthu? Akanati banja lonse ndi limodzi, wina amanyamula, wina amafufuta. Ukanawamanga ndi chingwe cholimba kuposa chimene ali nacho pano. Ngakhale ukanatapa mwachilungamo, pamwamba, pakati ndi pansi, loya akanangoima m'khoti n'kunena kuti wotapayo ndi mlongo wake wa woimbidwa mlandu, ntchito yonse ya nyumba ino ikanasanduka madzi. Dzanja lako silinayenere kukhudza thumba limenelo, kaya mowathandiza kaya mowapweteka."

Misozi inayamba kutsika, koma Mzime sanaipukute.

"Ndiye atuluka?"

"Sindikulonjeza. Sindikulonjezanso kuti kwanu akuthokoza. Mwina akutukwana, mwina akusala kwa nthawi yaitali. Anthu amaganiza kuti ukachita chabwino kumabwera nthungululu. Nthawi zambiri kumangoti zii, n'kutsala wekha. Tsono pali zinthu ziwiri. Kuyambira pano suyandikira matumba aja, sufunsa, ndipo ine sindikuuza zotsatira. Ukatsuka mabotolo ku chipinda cha kuseri. China, za bambo uja uwauze a Sajeni lero lomwe."

"Akakawafunsa alamu anga, adziwa kuti ndanena ndine."

"Adziwa," anatero Mayi Bwereza.

6. Chipinda cha mabotolo

Chipinda chotsukira chinali chaching'ono, cha masinki awiri ndi mashelefu ofika kudenga. Chitseko chake chinali ndi kagalasi kotalika ngati chikhatho, koyang'ana pakhonde ndi m'chipinda choyezera. Mzime anatsegula mpopi n'kufulatira chitsekocho.

Koma mphuno ilibe chitseko. Patapita kanthawi, fungo linalowa chokwawa pansi pa chitseko, lolemera, lomata, limene iye ankalidziwa kuposa fungo lina lililonse. Thumba linali litakhuthulidwa.

Anayesetsa kuti asatembenuke. Anatsuka botolo limodzi, analitsukuluza, analitsukanso. Pomaliza khosi linatembenuka lokha. Kupyola kagalasi kaja anaona Mayi Bwereza atakweza kabotolo kuloza ku getsi, akukagwedeza. Madzi anagawanika pawiri. A pansi anayamba kuda pang'onopang'ono, mpaka anafika mtundu wa biringanya.

Mzime anabwerera ku sinki. M'chipinda chozizira makina aakulu anayamba kung'ung'uza.

A Sajeni anabwera chakumadzulo. Anaima pakhomo la chipinda chotsukiracho, poti munalibe malo okwana anthu awiri, n'kumvetsera zonse akupukuta thukuta m'khosi.

"Achimwene ako akhala akutiuza kuti katundu ali ndi mwini wake," anatero. "Koma aliyense amene timamugwira amatero. Aka n'koyamba kuti mwiniwakeyo aonetse mchira. Sindikuti mlandu watha, ayi. Lole ndi yawo, katundu anali m'lole mwawo. Koma tsopano tili ndi poyambira. Ndikupita kwa alamu akowo akandiuze maonekedwe a bambo ameneyo."

Nkhani inali itazungulira kale nyumba yonse. Mzime atapita kukatenga chikwama chake, amayi awiri amene ankacheza pafupi ndi makabati osungiramo zikwama anasiya kuyankhula. Wina anasuntha chikwama chake kuchiika mbali ina. Mlonda wa pageti, amene masiku onse ankamuti "muyende bwino, adona aang'ono", anangotsegula n'kuyang'ana kumwamba.

Ali pamalo odikirira basi, foni inalira. Anali alamu.

"Zikomo kwambiri," anatero ndi mawu ouma gwa. "Galimoto ya apolisi yaima pakhomo panga, anthu onse a mumzere atuluka kudzaonera. Andifunsa mafunso ngati wakuba ndine. Ine ndinabwera kwa inu ngati m'bale, inu mwandipereka."

"Alamu, bambo uja ndi amene..."

"Musanditchule alamu. Ana akamafunsa kuti adadi ali kuti, ndiziwauza kuti akafunse azakhali awo ophunzira."

Mzime anaimbira amayi ake. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno inangoitana kamodzi, wina n'kuidula.

M'basi munali modzaza, koma pampando wake munatsala malo. Anakumbatira chikwama chake n'kuyang'ana nyali za m'mashopu zikuyaka imodzi imodzi.

7. Mlendo

Atatsika, anayenda kanjira ka pakati pa mipanda mpaka pa geti la malata. Ankangofuna kulowa, kukhoma chitseko, n'kugona chafufumimba.

Alandilodi anali pakhonde akuanula zovala. Chifikire Mzime pa nyumbayo, mayiwa anali asanamumwetulirepo. Lero mano onse anali pamtunda.

"Mwafika, mwana wanga! Inu ndinu wobisa zinthu bwanji. Bwanji simunanene kuti muli ndi abale olemekezeka chonchi?"

"Abale ati, mayi?"

"Amalume anu! Afika kale masana, pa galimoto yakuda ili apoyo. Munthu waulemu, wodziwa kuyankhula ndi akulu. Ndinati mlendo wotere sangakhale padzuwa, ndiye ndawatsegulira kwanuko ndi kiyi wanga. Pitani, akukudikirani."

Mzime anaima pomwepo. Amayi ake anabadwa m'banja la akazi okhaokha. Chibadwire chake analibe munthu womutcha amalume.

Chitseko cha chipinda chake chinali chotsegula pang'ono, ndipo getsi linali loyaka. M'katimo mpando unalira, ngati munthu wolemera akukhala bwino.

"Lowa, Mzime," anatero mawu ofatsa a mwamuna. "Ndamva kuti lero sizasi inakukanika."